Sitima ya Mtundu wa Papaya

Kankhirani chikunicho pamoto, chifukwa nkhani iyi imaziziritsa msana. Ndipo ndineneretu: akufa sindikuwaimba mlandu. M'nkhani muno olakwa onse ndi amoyo.

Kumunsi kwa mapiri a Thyolo, pamene njanji imayamba kutsetsereka kulowera kuchigwa, pali kasiteshoni kotchedwa Namitalala. Sitima inasiya kudutsapo kalekale, madzi atakokolola mlatho kumunsi uko. Njanji ikadalipo, koma yamera chisoso, ndipo pa pulatifomu pamagona mbuzi.

Kuseri kwa siteshoniyo kunali nyumba ya a Namakhwa, amene masiku awo amphamvu anali obowola matikiti. Aliyense wochoka m'dera limenelo, wopita ku Halale, ku Joni, ku migodi, ankadutsa m'manja mwawo. Kabowo pa tikiti, "Muyende bwino," basi munthu wapita. Ambiri ankabwerera ndi masutikesi ndi mawailesi. Ena sanabwerere. Anasanduka matchona, mpaka abale awo, atatopa n'kudikira, anakwirira mvunguti m'manda m'malo mwa thupi.

A Namakhwa anali ndi nthenda imodzi yosachiritsika: tisitima ta malata, tija ana a azungu ankaseweretsa makedzana. Koyamba anapatsidwa ndi mzungu wina wa njanji pobwerera kwawo. Tina ankatitola m'maesiteti a tiyi azungu akamasamuka, tina pa kaunjika ku Limbe. Tinali tolemera m'manja, ta kiyi wopukusa kumbali, ndipo ukatipukusa tinkayenda tokha tikulira tcheketcheke, tcheketcheke. Koma kalikonse kakangolowa m'nyumba mwawo sikankakhalitsa ndi mtundu wake. Ankakapenta. Ndiye mitundu yakeyo! Injini yapinki ya madontho oyera. Ina yachikasu ya mizere yobiriwira ngati chitenje. Ina ya khaki yokhala ndi chigamba chakuda m'nthiti.

"A Namakhwa, inu munagwira ntchito ku njanji moyo wanu wonse," anthu ankawaseka. "Sitima yapinki munaiona kuti?"

"Musavutike nayo," iwo ankayankha osatukula mutu. "Mwini wake adzaizindikira."

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Gelesomu. Mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo anagona kumanda a kuseri kwa siteshoni, pansi pa mtengo wa mbawa, pomwe a Namakhwa anadzisungira malo pambali pawo. Gelesomu anakula akununkha palafini, chifukwa ntchito yake inali yotsuka bulashi.

"Bulashi siigona ndi penti," bambo ake ankatero tsiku ndi tsiku. "Itsuke, uiimike m'chitini tsitsi lili m'mwamba."

Ntchitoyo ankadana nayo. Ankadananso ndi dzina lomwe anzake anamupatsa kusukulu, Mwana wa Tchukutchuku. Sukulu anaisiyira Sitandade 6, ndipo ndevu zitamera anapita ku Joni kukasesa m'mabwalo a eni chuma. Chaka choyamba anatumizira bambo ake juzi ya pamsika, yamtundu wa papaya lakupsa, yoti iye mwini sakanaivala ngakhale mumdima. Iwo anangoyankha kuti yafika. Zaka zinapita, iye akungoti ndipita chaka chamawa.

Uthenga wa matenda unamupeza mochedwa. Pomwe basi inkamutsitsa ku Blantyre, bambo ake aang'ono, a Fulaye, anali atamaliza kale zonse. A Namakhwa anamwalirira m'chipatala cha m'tauni, ndipo a Fulaye anawaika m'manda a m'tauni momwemo, pakati pa anthu osawadziwa.

"Mwati mwawaika kuti?" Gelesomu anafunsa a Fulaye.

"Khala pansi kaye, mwana wanga. Galimoto yonyamula maliro masiku ano ndi yodula. Komanso a mpingo wathu ali pafupi konkuno. Dothi ndi dothi basi."

"Dothi ndi dothi? Malo awo ali pambali pa amayi, inu mukudziwa bwinobwino!"

"Nanga iwe unali kuti? Bwenzi utabwera ndi galimoto yako ya ku Joniyo."

Akazi a bambo aang'onowo, a Esinati, anamugwira mkono kuti akhale pansi. Gelesomu anakankha dzanja lawo.

"Musandikhudze, mayi. Nonsenu ndinu afisi. Mwadya nyama, mafupa mwataya kudzala."

A Esinati anamangitsa chitenje chawo n'kulowa kukhitchini.

Zofukula mtembo aliyense anakana. Ena ankati pamafunika mapepala a boma, ena ankati n'kuitana tsoka. Gelesomu anakaima pa mulu wa dothi lofiira, mabasi akulira kuseri kwa mpanda, koma misozi inakana kutuluka. Sankamva kuti bambo ake ali pamenepo.

Anapita ku Namitalala mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Fulaye ndi akazi awo anamutsatira, ati kudzalongosola katundu wa malemu. Mukudziwa inu, amoyo akati kulongosola amatanthauza kunyamula. Njinga inapita. Wailesi inapita. Kenako kunabwera galimoto yoyera, ndipo munatuluka a Lipenga, bambo wa mimba yake, wogula zinthu zakale n'kumazigulitsa kunja. Ataona shelefu ya tisitima anaimba likhweru, kenako anagwira mutu.

"Mayo ine! Izi ndi zenizeni, za ku Ulaya, zakale kuposa agogo anga. Koma wachita zoopsazi ndani? Injini iyi imayenera kukhala yakuda, ya mzere wofiira. Iyi yobiriwira. Palibe njanji padziko lino inayendetsapo sitima ya madontho ngati nkhanga!"

"Achimwene anga maso anali atayamba kuvuta," a Fulaye anatero akuseka. "Ndi kumutu komwe, pang'ono."

"Maso awo analibe vuto," Gelesomu anatero ali pakhomo.

Palibe anamuyang'ana. A Lipenga anatenga kasitima kena ka mtundu wa pepo, ka timaluwa toyera, anatsanulira thina, mankhwala osungunulira penti, pa kansanza n'kuyamba kupukuta. Timaluwa tinasungunuka. Pepo yense anatsalira pa kansanza, ndipo pansi pake panaoneka penti yakuda ya ku fakitale.

"Mwaona? Chuma chili pansipa. Tonseti tikatisambitsa."

Kumapeto kwa shelefu anapeza kena kokulungidwa m'nsalu. A Lipenga anakavundukula. Kanali kobiriwira bii, ka mizere yagolide, kosakhudzidwa ndi bulashi ya a Namakhwa.

"Aka kokha nkhalamba inaiwala kukaononga. Aka kakuposa tonse timeneti. Musalole ngakhale ntchentche iterepo."

Ananyamula kosambitsidwa kaja kuti akaonetse anzawo, nalonjeza kuti abwera ndi makatoni mwezi ukatha. Kansanza anakataya pakhonde. Gelesomu anakatola, osadziwa chifukwa chake, n'kukaika m'thumba. Madzulo amenewo anakhala pansi pakhonde, pambali pa mpando wandalema wa bambo ake. Pampandopo sanayerekeze kukhalapo.

Zachilendo zinayamba mawa lake, dzuwa lili paliwombo. Gelesomu anali atakhala pa pulatifomu pothawa mawu a bambo ake aang'ono. Mbuzi zinadzuka zonse nthawi imodzi n'kusunthira patali, popanda wozipirikitsa. Kenako njanji inayamba kulira chapansipansi, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anaigwira. Chitsulo chinali chozizira ngati chagona m'madzi. Ndipo kuchokera kumunsi anamva kaphokoso komwe anakula nako: tcheketcheke, tcheketcheke. Kanayandikira, kanayandikira, kenako kanaima.

"Zikomo, achimwene."

Kumbuyo kwake kunali kutaima munthu wa malaya a khaki, a chigamba chakuda m'nthiti, sutikesi yamatabwa ili m'manja. Nkhope yake sinkaoneka bwino. Maso a Gelesomu ankangoterereka nayo, ngati poyang'ana chinthu chonyezimira.

"Kwa a Nachisale njira ikadali yomwe ija, yodzera pachitsime?"

"A Nachisale anamwalira ine ndili mwana. Nyumba yawo inagwa."

"Ndikudziwa," munthuyo anatero mofatsa. "Ndikungofunsa njira."

Anatsika pa pulatifomu n'kulowera kuchitsime. Sutikesiyo inkaoneka yolemera, koma pafumbi sipanatsale phazi.

Madzulo ake a Fulaye anatuluka m'nyumba akukuwa.

"Iwe! Kamodzi kasowa! Kaja ka khaki! Wayamba kuba katundu wa banja?"

"Katundu wa banja liti? Inu munagulapo kati?"

"Taonani mwano! Ku Joni anakuphunzitsa zimenezi?"

Gelesomu analowa kukaona. Pa shelefu panangotsala malo oyera pakati pa fumbi, ndi timizere tiwiri ta matayala tolowera kuzenera.

Kuyambira pamenepo tisitima tinayamba kuchoka motsatizana, ngati anthu amene amva kuti sitima yomaliza ikunyamuka. Amayi ochokera kuchigayo anakumana ndi mtsikana wa diresi lapinki la madontho oyera, akuimba nyimbo ya chinamwali yomwe amayi awo okha ankaidziwa. Mtsikanayo anawafunsa za mtengo wa mango womwe unadulidwa iwo asanabadwe. Wogulitsa makala anapatukira panjira munthu wa jekete lachikasu, anamupatsa moni, n'kuzindikira atafika patali kuti njinga yake yazizira mpaka zogwirira. Agalu a m'mudzi sankauwa. Ankangoima m'mbali mwa njira akugwedezera mchira mphepo. Anthu anasiya kuseka akamadutsa pa nyumba ya a Namakhwa, ndipo ana ankaitanidwa kulowa dzuwa lisanafiire.

A Fulaye anakhoma chitseko cha chipinda cha tisitima, kiyi n'kumangirira m'chiuno. Tinapitabe. Anayala mphasa pansi pa shelefu n'kumagona pomwepo. Tinapitabe, ndipo iwo ankadzuka khosi litauma, osafuna kunena zomwe amva. Pomaliza anatenga kobiriwira kaja, kosapentedwa, n'kukatsekera m'sutikesi yawo.

Tsiku lina m'mawa kunabwera nkhalamba ina ya kutsidya kwa njanji, a Khoviwa, atanyamula nkhuku yoyera. Sanaodire. Anagwada pakhonde moyang'ana mpando wandalema wopanda munthu, anaomba m'manja mwaulemu, n'kuika nkhukuyo pansi.

"Wafika dzulo," anauza mpandowo. "Zikomo, achimwene."

"Agogo, wafika ndani?" Gelesomu anafunsa.

"Mng'ono wanga. Anapita ku migodi ine ndisanakwatire. Dzulo ndamva likhweru lake kuseri kwa nkhokwe, lomwe ankandiitanira tikamapita koweta." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ndinabwera pano kale kudzadandaula za kusabwerera kwake, iwe uli kamwana, ukutsuka bulashi apo. Bambo ako anandifunsa funso limodzi lokha. Anati, tsiku limene ankachoka, anavala chiyani?"

Funso limenelo Gelesomu ankalidziwa. Analimva kambirimbiri ali mwana, anthu achikulire akamanong'onezana ndi bambo ake pakhonde, koma ankaliyesa macheza a nkhalamba.

"Ndinawafunsa kuti zovala zikukhudzana bwanji," a Khoviwa anapitiriza. "Anati, ndine ndinawabowolera tikiti yopita, ndiye yobwerera awapatsa ndani? Munthu akakhalitsa kunja amaiwala zambiri, ngakhale dzina la siteshoni ya kwawo. Koma chovala chimene anatsanzikira nacho saiwala."

Atapita, Gelesomu anatulutsa kansanza kaja m'thumba n'kukayang'ana nthawi yaitali.

Masana a tsiku lomwelo anamuona. Kutali kumunsi, pamene njanji ziwiri zimakumana m'maso, panali munthu akuyenda pakati pa njanji kulunjika ku siteshoni. Anali mayi, katundu ali pamutu. Zovala zake zinalibe mtundu, zinali ngati phulusa. Ankayenda, miyendo ikuoneka kuti ikuponda, koma sankayandikira. Dzuwa linapendeka iye akuyendabe pamalo omwewo. Mawa lake analinso pomwepo. Mkuja wake chimodzimodzi. Nthawi zina ankaima, n'kuika dzanja pachipumi ngati wodikira chinthu, kenako n'kuyambanso kuyenda.

Mwezi usanathe galimoto yoyera inabwera, koma yopanda makatoni. A Lipenga anali ataonda kumaso. Sanazimitse injini. Anatulutsa dzanja pazenera n'kupereka kasitima kakuda kaja kwa Gelesomu, atakagwira ndi zala ziwiri.

"Tengani kanthu kanuka."

"Bwanji, bwana?" a Fulaye anathamangira. "Anzanu aja sanakakonde?"

"Kamadzipukusa kokha m'kabati. Kamayenda, kugunda galasi, kubwerera, kugunda galasi. Akazi anga athawira kwa mlongo wawo. Topentedwato sindikutifunanso. Koma kobiriwira kaja n'koyera, kalibe zanuzi. Loweruka ndibwera kudzatenga kameneko kokha."

Galimoto inachoka ikusiya fumbi. Gelesomu anapita kukhitchini, komwe zitini za penti za bambo ake zinali zitaunjikidwa pakona kudikira kutayidwa. Zambiri zinali zitauma pamwamba. Anaboola khungu lake ndi msomali, anathira palafini, anasakaniza wofiira ndi wabuluu, akufanizira ndi kansanza mpaka zinagwirizana, n'kuyamba kupenta kasitima kakuda kaja. Manja ake anali a tsache, osati a bulashi. Timaluwa tinatuluka ngati mapazi a bakha. Penti itauma, chisisira chikugwa, anakapukusa kiyi, anakaika pa njanji koyang'ana kumunsi, n'kukasiya. Kanayenda pa chitsulo chopapatizacho osagwa, mpaka kanalowa mu udzu.

Anadikira. Mbuzi zinadzuka. Njanji inalira. Tcheketcheke, tcheketcheke, kenako zii.

Munthu anamudutsa pafupi, chitenje chapepo chikukhudza bondo lake. Kunamveka fungo la mafuta odzola akale.

"Maluwawa mwakulitsa, achimwene," mawu a mayi anatero, ngati akufuna kuseka. "Koma ndaizindikira."

Gelesomu sanatembenuke. Mayiyo atadutsa anayang'ana kumunsi: panalibe munthu pa njanji. Ndiye anatembenukira kumtunda, mbali yochokera ku tauni.

Kumeneko kunali wina. Kutali, m'kuwala kotsala kwa dzuwa, munthu wa phulusa ankayenda pakati pa njanji. Phewa lakumanja linali lotsika, chifukwa cha zaka zonyamula chikwama cha matikiti. Mwendo wina ankaukoka pang'ono. Ankayenda, ankayenda, osayandikira.

"Bambo!"

Anathamanga. Anathamanga mpaka siteshoni inabisika kumbuyo, miyala ikumucheka mapazi, chifuwa chikutentha. Munthuyo anali kutali monga poyamba. Anakuwanso mpaka mawu anasasa. Kenako mdima unamumeza munthu uja, ndipo Gelesomu anagwada pa miyala ya njanji n'kulira, kulira koyamba chimwalirireni bambo ake.

Munthu amene anabweretsa kwawo ana a eni ake, iye wasanduka mtchona. Ndipo anadzisungira kasitima kake, kobiriwira kaja kokulungidwa m'nsalu, podziwa kuti munthu sadziwa chomwe adzavale tsiku lake lochoka. Wina ndiye anayenera kuona. Wina ndiye anayenera kupenta. Mwana wake anali ku Joni, akusesa masamba a eni ake.

Anabwerera akutsimphina. A Fulaye anali pakhonde, atakhala pa mpando wandalema, sutikesi ili pakati pa miyendo.

"Bambo," Gelesomu anatero. "Tsiku limene munadzawatenga kupita nawo kuchipatala, anavala chiyani?"

"Funso lanji limenelo? Ndani amayang'ana zovala za wodwala?"

"Kumbukirani, chonde."

"Malaya. Buluku. Ndidziwa bwanji ine? Ndinali pa foni ndi woyendetsa galimoto, ankafuna kutisiya." Anakoka sutikesi pafupi. "Ndipo ndakuona ndi zitini zija. Ukangoyandikira aka, ndikuitanira apolisi."

Anafunsa anansi mawa lake. Wina anati jekete lakuda. Wina anati anawafunditsa bulangete. Wina anati iye anali kudimba. Anthu amene a Namakhwa ankawapatsa moni m'mawa uliwonse, palibe anawayang'ana tsiku lomwe ankachoka. Ndi mmene alili amoyo. Maso awo amatseguka pa njinga ndi wailesi.

Lachisanu linafika, munthu uja akuyendabe kumtunda. Panatsala mmodzi yekha wosafunsidwa, ndipo Gelesomu ankadziwa chomwe anamutchula. Anawapeza a Esinati kuseri kwa nyumba akusankha nandolo m'lichero. Chiyambire tsiku lija ku Blantyre, ankamuikira chakudya pakhomo osalankhula, iye n'kumadya osathokoza. Anaima. Kenako anagwada pafumbi.

"Mayi."

"Afisi alibe ana," iwo anatero osatukula maso.

"Ndinalakwa, mayi. Pakamwa panga panatentha."

Nandolo zinapitiriza kugwera m'mbale. Kenako a Esinati anati, "Ukufuna kudziwa chomwe anavala. Wafunsa mudzi wonse, mpaka ana a sukulu. Ine amene ndinawasambitsa ndi kuwaveka, wandidumpha."

Gelesomu anaweramitsa mutu.

"Ndinawatulutsira malaya oyera, ositidwa. Anakana. Anati nditsegule bokosi la pansi pa bedi. Munali juzi, yokulungidwa m'pepala, ikadali ndi fungo la chovala chatsopano. Juzi yoipa, Gelesomu, Mulungu andikhululukire. Ngati papaya lakupsa, khosi lake lobiriwira. Ndinati, alamu, kunjaku kukutentha ngati ng'anjo, mufa ndi thukuta musanafike kuchipatala. Anati, ndinkaisungira tsiku lomwe mwana wanga adzatsike basi, kuti adzandione ali patali. Koma poti ndikupita kutauni, mwina akanditsikira komweko."

Lichero linali litaima.

"Kuchipatala anamwino anayesa kuwavula, anakana. Ankangoyang'ana kukhomo. Bambo ako aang'ono anati aikidwe ndi suti, poti kubwera anthu a mpingo. Ine ndinaipinda juziyo n'kuwaikira kumutu, bokosi lisanakhomedwe. Palibe anaona."

Gelesomu anaphimba nkhope ndi manja. A Esinati anamusiya alire. Kenako anadzuka, anakutumula chitenje, analowa m'nyumba. A Fulaye anali atapita kumsika kukameta, pokonzekera alendo a Loweruka. Potuluka, mayiwo anali ndi kanthu kokulungidwa m'nsalu.

"Kiyi wa sutikesi amamubisa m'nsapato, ngati kuti nsapatozo amapolisha okha. Tenga."

"Akakufunsani?"

"Ndakhala nawo zaka zambiri bambo akowo. Adzakuwa, adzatopa, adzafuna tiyi."

Gelesomu anakhala pansi pakhonde. Kasitimako kanali kokongoladi, kobiriwira bii, timizere tagolide tikunyezimira. Anasakaniza wofiira ndi wachikasu. Poyamba zinatuluka ngati dothi. Anawonjezera chikasu, zinakhala ngati dzungu.

"Wonjezera wofiira pang'ono," a Esinati anatero ali chiimire kumbuyo kwake. "Iyayi, wachulutsa. Eya. Pamenepo. Kuipa kwake kunali komweko."

Bulashi yoyamba inadutsa pa golide, ndipo golide anapita. Anapenta mbali zonse, denga, mpaka kumatayala. Pa chumuni, pomwe pamatulukira utsi, anasiyapo mkombero wobiriwira ngati khosi la juzi.

A Fulaye anafika penti ikuuma padzuwa. Anaima pachipata, mutu wometa kumene ukunyezimira, pakamwa pali yasa.

"Wapha banja! Wapha banja, mwana iwe! Esinati, waona zomwe wachita?"

"Ndaona," akazi awo anatero. "Wofiira ndinamuuza ndine."

Dzuwa likulowa Gelesomu ananyamula kasitimako kupita ku siteshoni. Kumtunda munthu wa phulusa anali akuyendabe, phewa lotsika, mwendo ukukoka. Anapukusa kiyi mpaka analimba. Anakaika pa njanji, koma zala zinakana kukasiya. Kanali chinthu chomaliza cha bambo ake chomwe chinatsala m'manja mwake.

"Ndachedwa, bambo," ananong'ona. "Koma ndafika."

Anakasiya. Kanakwera chitunda kakulira, kadontho ka papaya pa chitsulo chakuda, mpaka maso analephera kukatsata.

Anakhala pa pulatifomu atafulatira njanji. Nyenyezi yoyamba inatuluka. Udzudzu unayamba. Anaganiza kuti mwina walakwitsa mtundu, mwina khosi lija silinali lobiriwira choncho, mwina nkhalamba yaiwala. Kenako mbuzi zinadzuka, imodziimodzi, mwaulemu.

Tcheketcheke. Tcheketcheke. Tcheke.

Zii.

Kunamveka phazi limodzi likuponda, lina likukoka. Fungo la palafini ndi la juzi yatsopano. M'mbali mwa diso lake munadutsa mtundu wowala, woipa, wokoma kuposa mitundu yonse yomwe anaionapo. Mapaziwo anaima kumbuyo kwake, pafupi, moti anamva kutentha pamsana ngati munthu wakhala pafupi ndi moto. Anafunitsitsa kutembenuka. Khosi linkachita kuwawa. Koma ankadziwa kuti maso ake angoterereka, ndiye anatsinzina n'kukhala chete, kuti kutenthako kukhalitse.

Mapazi anayambanso. Sanalowere kumanda. Anayamba alowera kunyumba.

Gelesomu atabwerera anapeza a Fulaye atadzitsekera kuchipinda, nyale ikuyaka, akuimba nyimbo ya mpingo ndi mawu onjenjemera. Pakhonde, pomwe anapentera, bulashi inali chigonere pansi, yodzaza penti, itayamba kuuma. Anawerama kuti aitole. Kenako anabweza dzanja. Anaisiya dala pomwepo, n'kukagona.

M'mawa anadzuka tambala atangolira kachiwiri. Pansi pa mbawa, pambali pa manda a mayi ake, masamba anali atakankhidwira kumbali, malo a munthu mmodzi, ndipo dothi lake linali lofunda. Anaima pamenepo mpaka kunayera. Kenako anabwerera kukhonde.

Bulashi panalibe pansi. Inali m'chitini, yotsukidwa bwinobwino mpaka kuchigwiriro, itaimikidwa tsitsi lili m'mwamba.

A Esinati anatuluka ndi ndowa. Anayang'ana chitini, anayang'ana Gelesomu.

"Si ine," anatero.

"Ndikudziwa, mayi."

Anakhala pansi, pambali pa mpando wandalema, pamalo pake pa masiku onse, ndipo anaseka misozi ikutsika.

Chikuni chatha, tiyeni tizikagona. Koma inu amoyo, inu a maso a pa njinga ndi wailesi, wina akamakutsanzikani mawa, tukulani mutu. Muone chomwe wavala.